Mmene mungafunsire munthu zimene anadya dzulo kuti fomu ya kafukufuku inene zoona

Mafomu akabwera kuchokera kumudzi onse atalembedwa "nsima ndi ndiwo" masana, "nsima ndi ndiwo" madzulo, musafulumire kudzudzula anthu amene anafunsidwa. Cholakwika chili pa kafunsidwe. Kwathu kuno munthu akati wadya amatanthauza kuti wadya nsima. Mayi amene anadya mbatata yophika m'mawa, mango angapo kumunda, chikho cha thobwa kwa anzake ndi chimanga chootcha chakumadzulo angathe kukuuzani kuti "dzulo sitinadye, tinagona nayo," ndipo sakunama ayi. Wofufuza akalemba yankho limenelo n'kutseka fomu, zakudya za tsiku lonse zatayika. Malangizo awa ndi a ophunzira, alangizi a zaumoyo ndi aliyense amene watumidwa kukafunsa mafunso a kadyedwe.

Zofunika kunyamula

Sikelo ya kukhitchini yoyeza galamu imodziimodzi, yotha kunyamula makilogalamu 5, pamodzi ndi mabatire apadera. Jagi yolembedwa mamililita. Ziwiya zimene anthu a deralo amagwiritsadi ntchito: chipande choomolera nsima, mbale ya ndiwo, bakuli, kapu ya pulasitiki, supuni yaikulu ndi yaing'ono. Nsima yophikidwa m'mawa womwewo yokulunga mu pulasitiki, kapena dongo loumbira la ana. Mpunga wosaphika wothira m'mbale poyerekeza kuchuluka kwa ndiwo. Mafomu apapepala, pensulo ndi chofufutira, ngakhale mutakhala ndi tabuleti yokhala ndi pulogalamu yolembera mayankho monga ODK kapena KoboToolbox, chifukwa batire silidziwa kuti muli pakati pa mafunso. Kalata ya chilolezo chochitira kafukufuku ndi mafomu oti ofunsidwa asainire kapena kudinda chala. Sopo ndi kansalu kopukutira sikelo.

Pokawerengera michere mudzafuna buku la Malawian Food Composition Table la 2019, lomwe limasonyeza zimene zili mu magalamu 100 a chakudya chilichonse chakwathu kuno. Limenelo lisiyeni ku ofesi, koma mulitsegule musanalembe fomu kuti mayina a zakudya agwirizane.

Musanapite kumudzi

1. Sankhani mtundu wa fomu malinga ndi funso la kafukufuku wanu. Mitundu yake ikuluikulu ndi itatu. Woyamba ndi wokumbutsa munthu zonse zimene anadya ndi kumwa dzulo, pamodzi ndi kuchuluka kwake, umene pa Chingerezi amautcha 24-hour recall. Umenewu ndi umene ungakupatseni michere monga ayironi, zinki ndi vitamini A, koma ndi wolemetsa. Wachiwiri ndi wongowerenga magulu a zakudya popanda kuyeza, monga MDD-W ya bungwe la FAO yomwe ndi ya amayi a zaka 15 mpaka 49. Wachitatu ndi FFQ, wofunsa kuti chakudya chakutichakuti munthu amadya kangati pa sabata kapena pa mwezi. Uwu umathandiza pofufuza matenda obwera pang'onopang'ono monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pamene chofunika ndi chizolowezi cha munthu osati tsiku limodzi.

Chenjezo: musatenge fomu ya magulu a zakudya n'kumayembekeza kuti ikuuzani magalamu a ayironi. Siingathe. Ndipo fomu ya banja lonse, monga ija ya masiku 7 imene bungwe la WFP limagwiritsa ntchito, siinena zimene mwana kapena mayi woyembekezera anadya payekha.

2. Pezani chilolezo. Ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena komiti ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Mukatero kaonekereni ku ofesi ya zaumoyo ya boma limene mukachiteko kafukufuku, kenako kwa amfumu. Kulowa m'mudzi ndi sikelo osadzera kwa amfumu ndi kudziputira mphekesera.

3. Lembani ndandanda ya zakudya za deralo. Pitani pamsika tsiku la msika, yendani mizere yonse, funsani mayina ndi mitengo ya milu. Kenako khalani pansi ndi amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi akuuzeni zimene zimadyedwa mwezi ndi mwezi ndi mmene amaziphikira. Chakudya chimodzi chimakhala ndi mayina angapo: mtedza ena amati nsawa, khobwe ena amati nseula, tomato ena amati matimati kapena mapwetekere, mbatatesi ena amati kachewere. Zakutchire musaziiwale, chifukwa pamsika sizioneka zonse: masuku, malambe, bwemba, masau, bowa, chisoso, denje, ngumbi, ziwala, mbewa.

4. Yezeranitu miyezo ya pakhomo. Gulani milu ya usipa, tomato ndi masamba ya mitengo yosiyanasiyana, mafuta a m'timapepala ndi timatumba ta ufa, muyeze chilichonse kangapo n'kulemba kulemera kwake. Mayi sangakuuzeni magalamu a mafuta, koma amakumbukira bwino kuti anagula a ndalama zingati. Mitengo imasintha msanga, choncho kafukufuku akatenga miyezi ingapo bwerezani kuyezaku.

5. Yesani fomu pa anthu ochepa a mudzi wina umene suli m'kafukufuku. Funso limene anthu atatu alimva mosiyana likonzeni.

Pakhomo pa wofunsidwa

6. Yambani ndi malonje, ndipo nenani poyera chimene simunabwerere. Anthu akaona mlendo ali ndi fomu amaganiza kuti ndi kalembera wa chimanga kapena wa mtukula pakhomo, ndiye amachepetsa zimene anadya kuti alowe nawo m'kaundula. Ena amachita manyazi n'kuwonjezera nyama imene kunalibe. Mungathe kunena chonchi: "Mayi, sitikulemba mayina a thandizo lililonse, ndiponso palibe yankho lokhoza kapena lolakwa. Tikungofuna kudziwa zimene anthu kuno akudya masiku ano. Zimene mutiuze sizikamveka kwa wina aliyense m'mudzi muno." Pemphani kuti mukhale poduka mphepo. Apongozi kapena bambo a pakhomo akakhala pomwepo, mayi sanena za mandasi amene anagula kuchigayo.

7. Funsani ngati dzulo linali tsiku wamba. Kodi kunali maliro, ukwati, chinkhoswe kapena zadzaoneni zina? Kodi anadwala kapena anasala kudya? M'madera monga Mangochi ndi Machinga mwezi wa Ramadan umasintha nthawi ndi mtundu wa zakudya. Yankho lilembeni pafomu, koma mafunso apitirire.

8. Pa fomu ya zakudya za dzulo, tsikulo mumalibwereza maulendo anayi pa kucheza komweko. Ulendo woyamba, muyendetseni munthu m'tsiku lake. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Musafunse kuti "munadya chiyani pa kadzutsa?" chifukwa mwamuuza kale kuti anayenera kudya kadzutsa, ndipo amene sanadye apeka. Musatchule nkhomaliro kapena mgonero. Yambani ndi zochita: "Dzulo mutadzuka munayamba ndi chiyani?" Akati anapita kumjigo, funsani: "Musananyamuke munaikako kanthu kalikonse mkamwa, kaya kakumwa?" Akati anapita kumunda: "Kumundako munatengerako chiyani? Nanga panjira munathyolako kapena kutolako chiyani?" Pitirizani chomwecho mpaka nthawi imene anagona, ndi usiku womwe ngati anadzuka.

Mawu oti "kuika mkamwa", "kulawa", "kutafuna" ndi "kumwa" amatulutsa zambiri kuposa mawu oti "kudya". Pa ulendo umenewu musamudule mawu pofunsa kuchuluka kapena kaphikidwe. Ingolembani mayina ndi nthawi. Nthawiyo ikhale ya dzuwa kapena ya zochitika, monga "ana ataweruka kusukulu", osati ya wotchi.

Chenjezo: nkhope yanu isayankhe. Mukamwetulira atatchula mazira n'kukhwinyata atatchula mbewa, mayankho otsatira adzakhala okusangalatsani inuyo.

9. Ulendo wachiwiri, bwererani pa chakudya chilichonse n'kuchifukula. "Nsima" si yankho lokwanira. Inali ya ufa woyera, ya mgaiwa, ya gramil, ya mapira kapena kondowole? Ufa woyera umachoka ku chimanga chokonola ndi kuviika, ndipo michere yambiri imatsalira m'madeya ndi m'madzi, pamene mgaiwa umasunga zonse. Ufawo unali wakuchigayo kapena wa m'paketi wa kusitolo? Wa m'paketi ungathe kukhala wowonjezeredwa michere. Shuga ndi mafuta ophikira opakidwa m'fakitale m'dziko muno amayenera kuthiridwa vitamini A, choncho funsani dzina lake, ndipo ngati paketi ilipo pemphani muione.

"Ndiwo zamasamba" nazonso si yankho. Nkhwani, bonongwe, mpiru, chigwada, kholowa, khwanya kapena kabichi? Zaziwisi kapena mfutso? Zotendera ndi nsinjiro, zokazinga ndi mafuta kapena zongofwafwaza? Anathira soda kapena chidulo? Nsomba ikhale ndi dzina: usipa, matemba ndi bonya zimadyedwa ndi minga ndi mitu yomwe, ndiye kashiamu wake ndi wosiyana kutali ndi wa chambo. Mbatata funsani ngati inali yoyera kapena yofiira mkati. Mango funsani ngati anali akupsa kapena aawisi. Tiyi funsani ngati munali mkaka, wamtundu wanji, ndi masupuni angati a shuga. Phala funsani zimene anathiramo.

10. Ulendo wachitatu, yezani kuchuluka. Pa nsima, mupatseni mayi nsima imene mwabwera nayo kapena dongo loumbira, aumbe yekha mtanda wofanana ndi umene anadya, muuike pasikelo, kenako funsani kuti inali mitanda ingati ndipo anatsalako bwanji. Ngati mwagwiritsa ntchito dongo, kumbukirani kuti kulemera kwake si kwa nsima. Muyenera kuyezeratu mtanda wa nsima ndi wa dongo ofanana kukula kuti mupeze nambala yosinthira. Pa zakumwa ndi phala, athire madzi m'kapu yake yomwe anamwera mpaka pamene panalekeza, inu mutsanulire mu jagi. Pa ndiwo, athire mpunga wosaphika m'mbale yake mpaka mulingo womwewo. Zipatso, mandasi ndi zitumbuwa ziwerengeni, n'kufunsa ngati zinali zazikulu, zapakati kapena zazing'ono.

Chovuta chachikulu ndi mbale imodzi. Ana anayi akamadyera pamodzi palibe amene angakuuzeni gawo la mmodzi. Njira imene akatswiri a za kadyedwe Rosalind Gibson ndi Elaine Ferguson anaikonza, yomwe inagwiritsidwa ntchito m'midzi ya ku Malawi, imathetsa zimenezi pokonzekera pasadakhale: mumafika lisanakwane tsiku limene mudzafunse zakudya zake, n'kusiya mbale ndi kapu kuti wofunsidwayo adyere payekha, komanso pepala la zithunzi za zakudya loti azichonga chimene wadya. Njirayi ili ndi vuto lake. Banja likadziwa kuti mawa likuonedwa lingathe kupha nkhuku. Ine ndimaonabe kuti mbale yapayokha ndi yabwino kuposa kugawa poto wonse mofanana pa anthu onse ngati kuti khanda ndi bambo amadya chimodzimodzi, bola muwachonderere kuti aphike monga mwa masiku onse.

11. Pa ndiwo zosakaniza, lembani kaphikidwe ka poto yense. Funsani amene anaphika, osati amene anangodya. Lembani chilichonse chimene chinalowa m'poto chisanaphikidwe, kenako kuchuluka kwa ndiwo zitapsa. Mwachitsanzo, tinene kuti munalowa nyemba zouma magalamu 500, ndiwo zitapsa zinalemera magalamu 1,500, ndipo wofunsidwa anapatsidwa magalamu 150. Iye wadya gawo limodzi mwa magawo khumi a poto, ndiye kuti nyemba zouma magalamu 50, ndi gawo lomwelo la mafuta, tomato ndi mchere. Zogula zophikaphika monga tchipisi cha pachiwaya, kanyenya ndi chigumu, gulani zanu za mtengo womwewo mukayeze.

12. Ulendo wachinayi, muwerengereni zonse kuyambira m'mawa, kenako mukumbutseni zoiwalika: nzimbe, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, thobwa, maheu, mafilizesi, masiwiti, zolawa pophika, mankhwala owonjezera magazi a kusikelo. Mowa ufunseni komaliza ndiponso mwaulemu: "Ena akaweruka kuntchito amakamwako pang'ono. Nanga inu bambo dzulo zinali bwanji?" Amayi oyembekezera afunseni za kudya dothi chimodzimodzi, mosaweruza.

Ngati wofunsidwa ndi mwana, amayankha ndi amene anakhala naye tsiku lonse. Mayi akakhala kuti anapita kuganyu n'kusiya mwana ndi agogo kapena mkulu wake, itanani ameneyo. Funsani za kuyamwa, phala la kusukulu, chiponde cha kuchipatala ndi zimene anapatsidwa kunyumba za eni.

Kuika zakudya m'magulu

13. Ngati mukugwiritsa ntchito MDD-W, magulu ndi 10, osati asanu ndi limodzi amene timaphunzitsa m'zipatala ndi m'sukulu. Magulu ake ndi awa: zokhutitsa monga chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata yoyera ndi nthochi zophika; za mtundu wa nyemba; mtedza ndi nthanga; mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka; nyama, nkhuku ndi nsomba; mazira; masamba obiriwira kwambiri; zipatso ndi ndiwo zina zokhala ndi vitamini A wambiri; ndiwo zamasamba zina; zipatso zina. Mayi amene wadya magulu 5 kapena kuposerapo wafika pa mulingo. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 23, malangizo a WHO ndi UNICEF a 2021 ali ndi magulu 8 kuphatikizapo mkaka wa m'mawere, ndipo mulingo wake ndi 5.

Apa ndi pamene anthu amapunthwa kwambiri. Mtedza pa magulu athu asanu ndi limodzi uli pamodzi ndi nyemba, koma pa MDD-W uli paokha. Nyama ya soya si nyama, ili m'gulu la nyemba. Kabichi sali m'gulu la masamba obiriwira kwambiri. Mango akupsa, papaya wakupsa, maungu ndi mbatata yofiira mkati zili m'gulu la vitamini A, pamene mango aawisi ali mu zipatso zina. Ngumbi ndi ziwala zilembeni, koma sizilowa m'magulu 10 aja. Mafuta, shuga ndi mchere nazonso siziwerengedwa. Ndipo chakudya chosakwana magalamu 15, pafupifupi supuni imodzi yaikulu, sichipatsa munthu gulu: kadontho ka mkaka mu tiyi kapena kachidutswa ka anyezi m'poto wa banja lonse sikawerengedwa.

Masiku ndi nyengo

14. Gawani ntchito kuti masiku onse a sabata aonekere. Mukamafunsa Lolemba mpaka Lachisanu basi, zakudya za Lachisanu ndi Loweruka simudzaziona konse. Tsiku limodzi limakuuzani za gulu la anthu, osati za munthu mmodzi. Mukafuna kudziwa kuti ndi anthu angati amene akuperewera mchere wina wake m'thupi, bwererani kwa ena mwa iwo tsiku lina losatsatizana ndi loyambalo.

Lembani mwezi pa lipoti lililonse. Mudzi womwewo ukafunsidwa mu Disembala mango ali mbwee, mu Febuluwale nkhokwe zitauma, ndi mu Meyi anthu atakolola, umaoneka ngati midzi itatu yosiyana.

15. Ngati mwasankha FFQ, ndandanda yake ichoke pa mafomu a zakudya za dzulo amene mwasonkhanitsa kale m'deralo, osati pa fomu yokopera kunja yodzaza ndi zakudya zimene anthu sanazionepo. Funsani m'magawo awiri: "Mwezi wathawu munadyako usipa?" Akavomera, "Kangati pa sabata?" Zanyengo zifunseni padera, ponena kuti "nthawi ya mango mumadya kangati?" Ndandanda ikatalika anthu amatopa n'kumangovomera chilichonse, ndipo zotsatira zimafufuma. Musanaikhulupirire fomuyo, iyerekezeni ndi mafomu a zakudya za dzulo obwerezedwa kangapo pa anthu omwewo.

16. Unikani mafomu madzulo a tsiku lomwelo muli m'mudzi momwemo. Ndiwo zopanda dzina, mtanda wopanda kulemera, mwana wa chaka chimodzi wolembedwa kuti anadya nsima yoposa kilogalamu, zonsezi zimakonzeka mawa m'mawa. Pakatha sabata palibe amene angakumbukire.

Zolakwika zofala

Kulemba ziro pamene funso silinafunsidwe. "Sanadye" ndi "sitinafunse" ndi zinthu ziwiri, ndipo kompyuta siingazisiyanitse inu mukapanda kutero.

Kusokoneza chophika ndi chosaphika. Magalamu 100 a nsima si magalamu 100 a ufa, chifukwa gawo lalikulu la nsima ndi madzi. Mukasankha mzere wa ufa m'buku la michere pamene munayeza nsima, munthu aoneka ngati wadya kuwirikiza kangapo. N'chimodzimodzi nyemba, mpunga ndi usipa wouma.

Kuyeza zotayidwa pamodzi ndi zodyedwa: nthanga ndi khungu la mango, makoko a nthochi, chitsononkho cha chimanga, mafupa a nkhuku.

Kuphunzitsa za magulu a zakudya musanafunse. Mlangizi amene dzulo amalalikira za kasinthasintha wa zakudya m'mudzi womwewo akabwera lero ndi fomu, amalandira phunziro lake lomwe ngati yankho. Ngati n'kotheka asinthane midzi ndi mnzake, ndipo malangizo aperekedwe fomu itatsekedwa.

Kumasulira mafunso pamutu. Wofunsa aliyense akamatembenuza Chingerezi mwa iye yekha, mmodzi amati "kudya", wina "kulawa", ndipo kusiyana kwa midzi kumene mudzakuone kudzakhala kusiyana kwa ofunsa. Mawu a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena alembedwe pafomu, ndipo onse ayeserere limodzi asananyamuke.

Kuika sikelo pamphasa kapena pamchenga. Nyamulani kathabwa kosalala, ndipo m'mawa uliwonse yesani sikeloyo ndi madzi okwana mamililita 500, omwe ayenera kulemera magalamu 500 mukachotsera kulemera kwa jagi.